Kontorola Yolowa M'chikwama Changa

Ndinayamba udije, ntchito yoika nyimbo pa zisangalalo, chifukwa cha amayi a kwathu kwa Mponda. Pa chisangalalo cha amayi okhaokha, mawa lake kuli nikahi, ukwati wa Chisilamu, safuna mwamuna pakati pawo. Amafuna avule mipango, avine momasuka. Koma madije onse amene tinkawadziwa pa Mangochi anali amuna. Ine ndinkagwira ntchito m'kashopu koika nyimbo m'mamemori pafupi ndi msika, ndiye azakhali anga anangoti, "Iwe uli ndi laputopu, ubwere udzatiikire nyimbo."

Chaka chathunthu ndinkagwiritsa ntchito mawusi basi. Nyimbo ikatha pankakhala zii, ine ndili kalikiliki kusaka ina, amayi atangoima. Tsiku lina mayi wina wachikulire anandiyandikira nati, "Mwanangu, chiuno chikazizira sichidzuka msanga." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma ndinafika kunyumba nditatsimikiza mtima kuti ndipeza kontorola, kachipangizo ka timbale tiwiri ndi mabatani kamene umalumikiza ku laputopu kuti nyimbo ina izilowa inzake isanathe.

Achimwene anga amagwira ntchito ku Joni, ndipo anavomera kundisakira. Ananditumizira zithunzi zitatu pa foni. Mtima wawo unali pa kontorola yaikulu, yotalika ngati chitseko cha kabati, ya timagetsi tothwanima.

"Tenga iyi, chemwali," anatero. "Anthu akangoiona adziwa kuti kwabwera dije weniweni."

"Achimwene, ndiziinyamula bwanji? Ine ndimayenda pa kabaza."

"Uzichita hayala galimoto."

"Mpaka ku Katuli? Nanga kumene kulibe magetsi ndikaiyatsa ndi chiyani?"

Sindinafune kukangana ndi pakamwa pokha. Ndinawapempha kuti ayeze iliyonse ndi tepi, anditumizire miyeso. Ndinapempha makatoni a sopo pa golosale n'kudula zidutswa zitatu molingana ndi miyesoyo. Chachikulu sichinalowe n'komwe m'chikwama. Nditachifungatira pa kabaza, wopalasa anadandaula kuti chikumubaya pamsana, ndipo pa mlatho mphepo inatsala pang'ono kundilanda. Chaching'ono kwambiri chinalowa bwinobwino, koma nditajambulapo mabatani ake, chala chimodzi chinkadina awiri. Kontorola imeneyo inalibenso polowetsa mahedifoni, kutanthauza kuti sindikanamva nyimbo yotsatira anthu asanaimve. Chapakati chinalowa pamodzi ndi laputopu, zipi n'kutsekeka. Ndipo yapakatiyo inkatenga moto ku laputopu komweko pa kachingwe kamodzi.

Nditawauza, achimwene anakhumudwa, anati ndasankha chidole. Amayi anga nawo anawaikira kumbuyo.

"Mkulu wako akukufunira zabwino."

"Ndikudziwa amayi, koma wonyamula ndine."

Sabata ziwiri achimwene sanandiyankhe. Ine m'mawa uliwonse ndinkawatumizira chithunzi chomwecho cha yapakati, osalembapo kanthu. Kenako mnzawo wina wobwera kumudzi anafika nayo kushopu itakulungidwa m'bulangete.

Kuiphunzira kunanditengera mwezi. Nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala kuseri kwa kauntala n'kumayesa kukumanitsa ng'oma za nyimbo ziwiri. Poyamba zinkamveka ngati anthu awiri akusinja mosemphana. Pang'ono ndi pang'ono khutu linazolowera, zala n'kutsatira.

Ntchito yoyamba ya kontorolayo inali ya ku Katuli. Ndinapita pa njinga yamoto, chikwama kumsana, sipika ya batire itamangidwa kumbuyo. Ndinayamba dzuwa lisanafike pamutu ndipo zinkayenda bwino, mpaka laputopu inayamba kuchenjeza kuti moto ukutha. Ndinali nditaiwala kuti tsopano ikudyetsanso kontorola. Inazima amayi ali pakati pa bwalo.

Ndinafunsa ngati pamudzipo pali wina wa sola. Anandilozera kwa aphunzitsi ena a pa sukulu ya pulayimale, Akhristu ochokera ku Ntcheu. Ndinauza amake a mkwatibwi kuti anthu akaswali, adye, ine ndibwera. Ndinayenda wapansi mtunda wonsewo laputopu ili m'khwapa. Akazi a aphunzitsiwo anandilandira, n'kuilumikiza, ndipo tinakhala pakhonde kudikira tikutafuna mtedza. Itadzaza theka ndinanyamuka, iwo n'kunditsatira kuti akaone mkazi amene amachita udije.

Ndinachepetsa kuwala kwa sikirini, ndinatseka china chilichonse, ndipo moto unakwana mpaka mwambo unatha. Pamene ndinkalongedza, akazi a aphunzitsi aja anandigwira mkono, thukuta lili kamukamu, n'kundifunsa ngati ndili ndi nyimbo za makwaya. Mwana wawo ankakwatiwa mwezi wotsatira ku Ntcheu. Ndinalibe ngakhale imodzi, koma ndinawauza kuti andiuze tsiku la ukwatiwo.