Dimba la Amalume

Kampeni kamene amayi ankadulira mbewu ya mbatatesi ndikadali nako. Chigwiriro chake chinathyoka ndisanabadwe, ndipo m'malo mwake anakulungapo mphira ya njinga. Mphirayo inauma kalekale, koma sindinaisinthe. Malemu akazi anga ankakasunga m'kabati pafupi ndi kolona, ndipo ankandiseka kuti ndimakalemekeza ngati kodalitsidwa ndi wansembe. Sindinkawatsutsa.

Mudzi wathu uli pamwamba, kuseri kwa phiri, ulendo wapansi kuchokera ku Kasina. Makolo a agogo athu anachokera kummwera ndi ng'ombe zawo, nkudzaima pano chifukwa cha kamtsinje kosaphwa ngakhale m'chilimwe. Anakwatirana ndi anthu amene anawapeza, ndipo ana awo anabatizidwa ansembe atafika. Sitinakhalepo ochuluka, sitinakhaleponso olemera. Tinali ndi chimanga cha dzinja, nyemba, kabichi, ndi mbatatesi ya m'madimba imene akazi ankasenza kupita nayo kumsewu waukulu. Mchere, sopo ndi yunifolomu zonse zinkachokera m'matope a m'mbali mwa kamtsinjeko.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inadula chimanga chikungoyamba ngayaye. Titakolola, nkhokwe yathu sinafike ndi pakati pomwe. Pasanapite nthawi kunabwera lole yofuna anthu okalima fodya ku maesiteti a kutali, ndipo inabweranso kachiwiri. Mabanja ankakwera ndi mphasa, miphika ndi nkhuku zomanga miyendo. M'mawa ndikamapita kusukulu ndinkayang'ana madenga amene akutuluka utsi, ndipo sabata iliyonse ankachepa. M'tchalitchi chathu chaching'ono nyimbo inayamba kumveka yopyapyala, mabenchi akumbuyo ali ndi fumbi. Aphunzitsi anatiyang'ana tsiku lina, ife ochepa otsala m'kalasi, nkunena motsitsa mawu kuti, "Mudzi uno watha." Sindikuwaimba mlandu. Ananena zimene maso awo ankaona.

Amalume, mchimwene wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba yathu. Bambo anamwalira ndili wakhanda, choncho mawu a amalume pa ine anali omaliza. Anabwera madzulo ena, nkukhala pakhonde, nkunena kuti iwo akwera lole ikubwerayi, ndipo ine ndipita nawo, poti ndinali nditakula mokwana kusoka fodya. Amayi anagwada patali monga mwa nthawi zonse, maso pansi, manja pamodzi. Koma chimene chinatuluka pakamwa pawo sichinagwade.

"Achimwene, mwanayu sapita."

Amalume anaseka, kenako anasiya kuseka. Ananena zambiri zimene sindidzazilemba, poti anapita kale kwa Mulungu. Chimene ndikukumbukira bwino ndi chomaliza, chimene ananena mokuwa, anthu akumva: "Mudzadya miyala ya m'phirimu. Dimba langalo wolifuna alitenge, ine sindidzapondanso kuno." Anakwera lole osatsanzika. Ine ndinalira kuseri kwa nkhokwe, osati chifukwa chowasowa, koma chifukwa ndinkafunitsitsa kukwera galimoto.

Wolifuna dimbalo sanachedwe. Anali bambo wina wochokera ku Linthipe, wa jekete lachikopa, amene ankasonkhanitsa malo osiyidwa kuti adzalepo bulugamu wogulitsa. Dimba la amalume linali pamwamba penipeni, pamene kamtsinje kamatulukira pansi pa mwala. Aliyense amene anadzalapo bulugamu amadziwa mmene amamwera madzi. Akanamera pamenepo, madimba onse a kumunsi akanasanduka fumbi. Akuluakulu otsala m'mudzi anali otopa ndi anjala, ndipo mwini malo anali atanena yekha pagulu kuti salifuna. Anamuuza mlendoyo zimene mwambo wathu umanena: munda wokhala ndi mizere uli ndi mwini, munda wa udzu ulibe. Akadzabwera mwezi ukamatha nkupeza udzu, atenge.

Amayi sanapite kukadandaula kwa wina aliyense. Anasolola dengu la mbewu pansi pa bedi. Mbewuyo inali yongokwanira dimba lathu lokha, ndipo inali itaphukira timaso toyera. Anakhala pamphasa, nkuyamba kudula mbatatesi iliyonse ndi kampeni kaja, pawiri, patatu, ina panayi, kusamala kuti kachidutswa kalikonse katsale ndi diso lake. Ntchito yanga inali kuviika mbali yodulidwayo m'phulusa kuti isaole. Ndikukumbukira kununkhira kwake, kwa dothi lonyowa, ndi madzi ake oterera amene ankasiya zala zanga zotuwa. Ndinapempha kuti tiwotcheko imodzi yokha. "Iyi si ndiwo," anatero osakweza mutu.

Inali nyengo yachisanu, imene nkhungu imagona m'chigwa mpaka dzuwa litakwera. Tinkatsika tikunjenjemera, udzu ukutidula m'miyendo, zidendene zitang'ambika. Dimba la amalume linali litagonekedwa kuyambira chaka chinacho, ndipo nsenjere zinali zitazika mizu. Amayi ankagaula, ine ndikuphwanya zibuma ndi kukoka mizu. Khasu likamenya mwala, kulira kwake kunkabwerera kuchokera kuphiri, chifukwa m'madimba ena munalibe munthu woti ayankhe ndi lake. Tikamaliza mzere, ankapanga chizindikiro cha mtanda mwachangu, ngati munthu wothamangitsa ntchentche, nkuyamba wina.

Azimayi ena otsala ankaima panjira ndi mitsuko yawo. "Mukulimira munthu amene anakutukwanani?" Amayi ankangoyankha kuti, "Mwadzuka bwanji?" Patapita masiku, mmodzi wa iwo anabwera ndi khasu lake, nkuyamba kugaula pambali pa amayi. Kenako winanso anakatsegula mizere m'dimba la mng'ono wake amene anapita pa lole yoyamba. Analibe mbewu, anadzalamo mpiru.

Bambo wa jekete uja anabwera pa nthawi yake. Anapeza mizere yakuda kuyambira pamwala mpaka kumalire, ndi ife awiri tikuthirira ndi zitini. Anafukula phando limodzi ndi nsonga ya nsapato, nkutola kachidutswa kopyapyala kodzola phulusa.

"Mayi, mwadzala mbatatesi kapena makoko?"

"Mudzabwere ndi mchere wanu, bambo, mudzalawe makokowo."

"Mwini wake anati salifuna."

"Mwini wake wapita kokayenda. Bwezerani mbewuyo pamene mwaichotsa."

Ndinkaopa kuti awamenya. Koma bamboyo anawerama, nkubwezera, nkukwirira ndi dzanja. Lero ndikaganiza, sindikhulupirira kuti anali munthu woipa. Anaona malo opanda anthu, monga anaonera aphunzitsi, ndipo anaganiza zopezerapo chakudya cha ana ake. Cholakwa chake chinali kutiwerenga ngati tapita kale tikadali pomwepo.

Sindinganame kuti tinakolola zodabwitsa. Mbewu yodulidwa mopyola muyeso imabereka mofooka. Zidutswa zina zinaola, ndipo chisanu chinawamba masamba a kumunsi. Dimba lathu lenileni linapereka zochepa kuposa chaka chilichonse, chifukwa theka la mbewu yake linapita kudimba la amalume. Chaka chimenecho ndinapita kusukulu ndi kabudula wazigamba, ndipo masiku ambiri tinagonera phala. Koma kamtsinje kakuyendabe mpaka lero. Nyumba zikutuluka utsi m'mudzi muno ndi zambiri kuposa za nthawi ya ubwana wanga, ndipo magalimoto amakwera okha kudzagula mbatatesi pakhomo.

Ana anga ali ku Lilongwe. Chimwalirireni amayi awo, foni iliyonse imathera pamodzimodzi: "Bambo, kumudziko mukudikira chiyani? Bwerani kuno." Amanena mwachikondi, ndipo ndimawathokoza. Ndikatseka foni ndimatenga khasu. Madimba a anawo ndimalima ndine, mzere ndi mzere, ngakhale msana ukukana. Sanandipemphe, ndipo mwina sadzawafuna.

Tsiku lokumba dimba la amalume, amayi anasankha mbatatesi yabwino koposa, yosalala, yofanana ndi dzira la nkhuku, nkudzaza kadengu. Sanakaike pamodzi ndi mbewu yathu. Anakapachika kudenga, nkundiuza kuti ndikadzakhudza ndidzaona. "Iyi ndi ya amalume ako." Chaka chotsatira tinaidzala m'dimba lomwelo, nkupachikanso ina, ndipo zinatero mpaka tsiku limene amalume anatulukira panjira ya kuphiri, ataonda, akutsokomola, katundu wawo yense ali m'kathumba kamodzi. Amayi anawapatsa madzi osamba, kenako anatsitsa kadengu kaja nkukaika pamapazi pawo. Za mawu aja sanatchulepo.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. Chaka choyambacho ndinkagona pamphasa ndi njala, kadengu kali pamwamba pa mutu wanga, ndipo ndinali ndi yankho langa pa funso la azimayi aja. Ndinkati amayi akuopa amalume, akufuna kuwapepesa chifukwa chowakaniza mwana. Ndinkawamvera chisoni kuti ndi munthu wamantha.