Anapha nyale ya mwana wanga pa uvuni wa makala

Inu owerenga, ndinalakwa chinthu chimodzi chokha. Ndinaphunzitsa mwamuna wanga kumasula chinthu chimene ndinayenera kuchisunga ndekha. Mpaka lero ndikamva fungo la uvuni wa makala, mtima wanga umawira.

Ndimakhala kwa Nthache, pamudzi pa amayi anga, ndipo ndimaphika masikono mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba. Mwana wanga Takondwa ali ndi chifuwa cha mphumu. Akapuma utsi amabanika, nthiti n'kumalowa m'kati, moti kuchipatala anandiletsa kuyatsa koloboyi m'nyumba. Tochi tinali nayo, koma mabatire akatha abambo ake ankangoti mawa, mawa, ife n'kubwerera ku koloboyi yemweyo.

Tsiku lina kunabwera anthu ochokera kusukulu ina yaukachenjede ku Blantyre. Ankafuna amayi a mauvuni oti ayesere kachipangizo kawo. Mtsogoleri wawo, mayi wina wamagalasi, anagwira khoma la uvuni wanga nditaphula kale masikono, n'kunena kuti kutentha konseku kukungotayika. Kachipangizoko kanali kabokosi kachitsulo, m'kati mwake muli timapale toyera tonga zidutswa za mbale yosweka. Anati timapaleti tikatenthedwa kenako n'kuzizira, timatulutsa magetsi pang'ono, ndipo magetsiwo amasonkhana mu kabatire koyatsa kababu kamodzi. Anakamangirira pa mkono wachitsulo. Umakankha kabokosiko kagunde khoma lotentha, kenako umakakokera kumphepo kazizire, n'kubwerezanso. Kungokasiya pamoto, sikatulutsa kanthu. Anandichenjezanso kuti kakatentha mopitirira kamafa, ngakhale kunja kazioneka kabwinobwino.

Ntchito imeneyi imafuna kudekha, ndipo ine kudekha ndili nako. Ndikaphula masikono ndinkakhala pomwepo, kukankha, kukoka, mwana ali kumbuyo. Madzulo kababu kankayaka mokwanira kudyera ndi kumumwetsa mankhwala. Chifuwa cha Takondwa chinasiya kulira. Masaya anatuluka.

Bambo ake a Takondwa amawotcha makala. Kachipangizoka ankakayang'ana ndi diso lina.

"Amake Tako, kamoto ka masikonoka n'kachiyani? Uvuni wanga umafuka usana ndi usiku. Kumeneko foni yanga ingadzadze mpaka kutayikira."

Ndinawafotokozera zonse zimene anandiuza mayi uja. Iwo anaseka, n'kuti ndasanduka injiniya wa sitandade sikisi.

Mvula yoyamba itayandikira, ndinawaonetsa momasulira kabokosiko, kuti ikagwa ine ndili kutali azikalowetsa m'nyumba. Ndinawagwira dzanja ndekha powaonetsa. Pasanapite nthawi kunagwa maliro a azakhali anga kwa Kanduku, ndipo ndinapita ndi mwana.

Pobwera ndinapeza kabokosi kaja kali pamalo pake, kopukutidwa, konyezimira kuposa mmene ndinakasiyira. Koma kababu sikanayake. Ndinaphika, kukankha, kukoka, mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka mkono kuwawa. Ndinkadziimba mlandu ndekha, mwina ndikufulumira, mwina ndikuchedwa. Mwamuna wanga ankandionerera akudya sikono. Madzulo ankayatsa koloboyi, akuti iwo sangadye mumdima ngati khoswe. Ndikazimitsa, ankayatsanso.

Takondwa anabanika. Ndinamutengera kuchipatala cha ku Thambani pa kabaza, milomo yake itada, ndipo kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu cha kuboma. Mwana wanga anagona ndi timapaipi m'mphuno, ine nditagwada pambali pa bedi. Inu amayi anzanga, mukudziwa mmene zimakhalira kumvetsera mpweya wa mwana wako, osadziwa ngati ubweranso. Mulungu anatichitira chifundo, tinatuluka.

Titabwerera kumudzi, mayi wamagalasi uja anabwera kudzaona mmene kachipangizo kakuyendera. Atatsegula anapeza mawaya atasungunuka, timapale titang'aluka. Ine ndisanatsegule pakamwa, mwamuna wanga anandiyankhulira, anthu atasonkhana.

"Ndakhala ndikuwauza, madamu. Amakaiwala pamoto akapita kokacheza. Amayiwa ndi osasamala."

Mayi uja sanakalipe. Anangoti zipangizo n'zochepa, chotsalacho akachimanga pa uvuni wa banja lina. Ndinapempha kugwira kabokosiko komaliza. Ndinakanunkhiza. Kankanunkha utsi wa mitengo yaiwisi, ndipo m'timabowo take munali dothi lofiira lopsa. Uvuni wanga ndi wanjerwa, ndipo ndimasonkhezera nkhuni zouma. Dothi limenelo ndi lokwirira uvuni wa makala. Ndinawayang'ana bambo ake a Takondwa, iwo n'kuyang'ana zala zawo zakumapazi. Kaphale kamodzi kanagwa pansi. Ndinakatola n'kukamanga pansonga ya chitenje, osayankhula kanthu.

Ndikanatha kupita kuphiri n'kukaboola uvuni wawo mbali ya mphepo, makala onse n'kusanduka phulusa. Ndinaganizira ndithu. Koma akanangodula mitengo ina n'kuiwala. Ine ndinkafuna chinthu choti asadzaiwale.

Iwo anali mkamwini. Nyumba ili pamalo anga, munda ndi wa kwathu. Ndiye ndinadikira. Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwapatsira madzi osamba ndikugwada. Anadzala, anapalira, anabandira dzuwa likuwaotcha msana. Anakolola, analuka nkhokwe yatsopano, anafoleranso denga. Ine ndinkangoti zikomo bambo, mwagwira ntchito.

Dengu lomaliza litalowa m'nkhokwe, ndinaitana amalume ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ndinamasula chitenje n'kuika kaphale kaja pamphasa, dothi lofiira likadali pomwepo. Ndinafotokoza zonse osakweza mawu. Mwamuna wanga anakana, anakananso, kenako anati ankangofuna kuyesa. Amalume anawafunsa kuti pamene mwana anali ndi timapaipi m'mphuno, ankayesabe? Nanga pamene ananamizira mkazi wawo pagulu? Ankhoswe akwawo anangowerama.

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa khasu lawo, bulangete ndi foni.

"Amake Tako, chimanga chonsechi ndalima ndine!"

"Mwalimira Takondwa," ndinayankha. "Kaphaleka tengani, mukatchajire foni kwanu."

Ena pamudzi pano amati ndinachita nkhanza. Anene. Kuwononga ndikanakhululuka, munthu amalakwitsa. Koma anakapukuta, kukabwezera pamalo, n'kumandionerera ndikukankha chinthu chakufa, mwana akubanika. Zimenezo sindikhululuka, ndipo sindikufuna kuphunzira kukhululuka.

Kababu sikanabwerenso. Madzulo ndimaona kena kakuyaka pazenera la banja lina lija, kutsidya kwa dambo. Ine ndi Takondwa timadya kusanade, ndipo mabatire a tochi ndimagula ndekha ndikagulitsa masikono.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, chinthu chimene chikusunga moyo wa mwana wanu musachionetse momasulira kwa munthu amene anachiseka, ngakhale mumagona naye mphasa imodzi. Akakunamizirani pagulu, yankhulani pomwepo. Ine ndinakhala chete, mwamuna ndinamulanga, koma nyale inapita. Ndipo inu abambo amene mumati mkazi wodekha ndi wopusa, mufunse amene anachoka kwathu ndi khasu paphewa, akucheukira nkhokwe yodzadza.