Masipika a Kumbuyo kwa Vaneti

Ng'ala inawalowa amayi anga mwakachetechete. Poyamba ankangodandaula kuti kunja kuli nkhungu, pomwe dzuwa likuswa mtengo. Kenaka anayamba kulimira mtedza pamodzi ndi udzu, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali atafika pozindikira anthu ndi mawu okha. Iwo ankakhala kumudzi ku Luembe, ine ku Petauke kumene ndinkatayipa makalata mu ofesi ina pa boma. Ndine munthu wankhawa chibadwire, ndiye tulo ndinkatipeza movutikira. Ndikangotseka maso ndinkawaona akugwera pamoto, kapena akuponda njoka popita kuchimbudzi.

Tinamva kuti kuchipatala cha pa boma kukubwera dokotala wa maso, ndipo adzathandiza okhawo amene alembetsa m'mawa wa tsiku loyamba. Akachoka, za kubweranso kwake panalibe wodziwa. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene ngakhale sopo tinkamuimira pamzere osadziwa ngati afika. Ndinathamangira kumudzi ndi uthengawo, koma amayi anangopukusa mutu.

"Nikwela lini motoka," anatero m'chinsenga chawo, kukanitsitsa. "Atate ako anakwela motoka kuyenda ku chipatala chamene icho. Anabwela mu bokosi."

Ndinawanyengerera, ndinakalipa, ndinalira. Pomaliza, mwina pofuna kuti ndiwasiye, anati akhoza kupita pokhapokha anzawo a kwaya ya amayi akutchalitchi atawaperekeza, akuwaimbira njira yonse. Ankadziwa kuti sizingatheke. Inali nyengo yokolola, ndipo kavaneti ka amuna anga sikakanatha kunyamula kwaya yonse.

Amuna angawo anali alangizi a zaulimi, ochokera kumpoto, munthu wofatsa koma wokhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi waya chimawamvera. Ayironi yathu anaikonzapo mpaka inasiyiratu kutentha. Nditawafotokozera za kwaya ija nkhope yawo inawala mwa mtundu umene ndinkauopa. Lamlungu lotsatira anapita kumudzi ndi wailesi ya kaseti, najambula amayi onse aja akuimba pansi pa mtengo atatuluka m'tchalitchi, amayi anga ali momwemo.

Vuto linali pokhala. Kwathu mpongozi sakhala mpando umodzi ndi mkamwini wake, sayang'anana naye kumaso, ndipo akafuna kumuuza kanthu amatuma wina. Amayi mwambo umenewu ankaugwira ndi manja awiri. Choncho malo awo anali kumbuyo kwa vaneti, m'kati mwa kanope, kanyumba kovundikira kumbuyoko, pamatiresi. Koma wailesi ya m'galimotoyo inali ndi timasipika tiwiri m'zitseko zakutsogolo, ndipo kumbuyo munthu ankangomva kulira kwa zitsulo. Panafunika masipika ena kumbuyoko, ndi kabokosi kokweza mawu kamene amuna anga ankakatcha busta. Kabokosiko anakapeza kwa dalaivala wina wa thiraki amene ankapumira pa Nyimba, posinthana ndi thumba la mtedza. Kanalibe pepala la malangizo. Kanangobwera ndi mawaya ali lendelende ngati mizu ya chinangwa.

Loweruka anaimika vaneti pansi pa mtengo wa mango, nayala zipangizo pa saka. Ine ndinaima pambali manja ali m'chiuno. Anandionetsa waya uliwonse ngati akuphunzitsa alimi kuthira feteleza. Wofiira wonenepa unali wa moto, wochokera ku batire. Wakuda unali wa ethi, woti umangidwe pachitsulo cha galimoto. Ena ang'onoang'ono ankatenga nyimbo kuwailesi kupita ku busta, ndipo otsalawo ankachoka ku busta kupita kumasipika. Pofuna kudziwa mbali yoyenera ya sipika iliyonse, ankagunditsa mawaya ake kubatire la tochi. Kapepala ka sipika kakatukumukira kunja, ankamanga mfundo pawaya umene wagunda kumutu kwa batirelo. Apo ndiye ndinagoma nawo pang'ono, koma sindinawauze.

Pansi pa mpando panali podzaza ndi jeke ndi masipanala, ndiye busta anaimangirira kumbuyo, pakona ya kanope. Izi zinatanthauza kuti waya wa moto uja uyende ulendo wautali, kuchoka kubatire, kudutsa pansi pa mapazi a dalaivala, kutulukira pabowo limene anaboola kukhoma la kumbuyo kwa mpando, mpaka kukwawa pansi pa matiresi. Ndinapisa chala pabowolo ndipo m'mbali mwake munali mwakuthwa.

"Apa sipazadula waya?" ndinafunsa.

"Iwe naiwe, nkhawa," anatero akuseka. "Nizakulungapo chubu. Ili che bwino."

Anakulungapodi kachidutswa ka chubu cha njinga. Atayatsa, nyimbo zinatuluka kumbuyo kuja mpaka ana a oyandikana nawo anathamangira kudzaona. Koma atangoliza injini, m'masipika munalowa kamluzu kokwera ndi kutsika motsatira mafuta. Ndinati amayi akakamva kameneko adzati ndi mizimu. Amuna anga anamasula waya wakuda, napala penti ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala, namanganso mothinitsa. Kamluzu kanatha.

Chotsatira chinali fyuzi, kagalasi kakang'ono kokhala pawaya wa moto pafupi ndi batire, kamene kamapsa kokha zinthu zikalakwika kuti moto usapitirire. Atakweza mawu kwambiri, kanapsa. M'sitolo zonse za pa Petauke munalibe kena. Anzawo akuofesi anawapatsa nzeru imene aliyense wa galimoto ankaidziwa masiku amenewo, yokulunga fyuzi yakupsayo m'kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Nyimbo zinabwerera. Ndinafunsa kuti nanga kapepalako kakapanda kupsa pofunika kupsa, chipse n'chiyani. Anandiyankha kuti ndikaphike tiyi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alembetse, tinakagona kumudzi, ndipo kutangocha amayi a kwaya anabwera kudzawakweza mnzawo. Amayi anagwiritsa dzanja langa mpaka kundipweteka. Amuna anga, ali kutsogolo, anakankha kaseti. Nyimbo itayamba, amayi anatembenuza mutu uku ndi uku kufunafuna kumene anzawo abisala. Kenaka anamwetulira.

"Uyo wokweza mau uyo, nine," anatero.

Msewu wochoka ku Luembe kupita ku Nyimba unali wa mabampu okhaokha. Chilichonse m'vanetimo chinkavina, fumbi likulowa paliponse pamodzi ndi utsi wa injini. Amayi ankaimba nawo atatsinzina, koma ine ndinasanza kangapo. Titafika pa Nyimba, asilikali a pachotchinga cha pamsewu anasuzumira m'kanope, namva nyimbo za Mulungu, natiuza kuti tizipita. Pamenepo amayi anandithamangitsa.

"Yenda kutsogolo, uzanisanzila pa chitenje. Nili na anzanga kuno."

Ndinakana, koma anaumirira, ndipo kunena zoona thupi langa linkafuna mphepo. Ndinasamukira kutsogolo. Pa tara amuna anga anaponda mafuta poona kuti dzuwa likukwera. Ndinkacheukacheuka pakawindo ka pakati pathu ndi kanope, koma kanali katamata fumbi moti ndinkangoona chithunzithunzi cha duku la amayi. Kawindo kameneko kanali kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa dalaivala.

Fungo ndinalimva, la ngati labala ikupsa. Ndinadziuza kuti ndi lupsa la m'mbali mwa msewu, poti inali nyengo yotentha tchire. Mtima unakana. Kenaka wailesi inayamba kudukiza mawu, nyimbo n'kumakokeka ngati oimbawo aledzera. Ndinapukuta kawindo kaja ndi chigongono n'kuyandikiza nkhope. Duku sindinalione. Ndinaona utsi wokhawokha.

Sindikumbuka mawu amene ndinakuwa. Galimoto isanaime bwino ndinali nditatsika kale. Amuna anga anathamangira kutsogolo, natsegula boneti, nazula waya kubatire ndi pulayala. Ine ndinatsegula chitseko cha kanope, utsi n'kundimenya kumaso. Amayi anali atanyonyomala pakati, akutsokomola, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje, akupsinja pamatiresi pamene pankanyeka. Chubu chija chinali chitaperepeseka ndi mabampu, waya n'kugunda chitsulo, n'kufiira kuyambira pabowo mpaka kubatire, moto n'kugwira nsonga ya matiresi. Kapepala ka fodya kanali bwinobwino.

Ndinawakokera kunja n'kuwakhazika pamthunzi. Chikhatho chawo chinali chitatuwa, matuza atayamba kale kutuluka. Ndinawafunsa kuti fungolo analimva liti. Anati kalekale, titangochoka pa Nyimba.

"Nanga osagogoda pa windo bwanji, amama? Sembe mwafela mukati!"

"Nigogode pa mutu pa apongozi?" anandifunsa modabwa, ngati ine ndiye wopenga. "Nenze kuyembekeza kuti iwe uchewuke."

Ndinafuna kuwagwedeza. Ndinafuna kutenga busta ija n'kuwaponyera amuna anga kumutu. M'malo mwake ndinangokhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana. Amuna anga anakokera matiresi kunja n'kuwakwirira ndi mchenga. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni analibe chofotokoza.

Apo m'pamene amayi ananena chimene ndinkachiopa kuposa moto. Anati ichi n'chizindikiro, Mulungu wawachenjeza, anzawo atonthola, tiwabweze kumudzi. Anati khungu si imfa. Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana msewu wopita ku Petauke, ndipo ndinadziwa kuti tikatembenuka pano amayi sadzakweranso galimoto mpaka kumanda. Ndinawachonderera ndi mawu onse amene ndinali nawo. Anangotukula dzanja lopsalo m'mwamba.

Amuna anga anazula waya wakupsa uja wonse n'kuutaya kutchire, namasula busta n'kuiika pansi pa mapazi awo. Kenaka anachotsa sipika imodzi pakona ya kanope, nailumikiza molunjika kumawaya a wailesi, opanda chokweza mawu, waya wake n'kuudutsitsa pawindo la chitseko. Atalumikizanso batire, anabwera ndi sipikayo m'manja, naima chapatali atawafulatira amayi monga mwa mwambo.

"Uwauze amai kuti nalakwa ndine," anandiuza, mawu ali pansipansi. "Uwauze kuti iyi ilibe moto. Mau yazankhala yang'ono, koma anzao akalipo."

Ndinawaikira amayi sipika ija pamiyendo. Nyimbo inkamveka ngati ikuchokera kutsidya la mtsinje. Amayi anaipapasa ndi dzanja lamanzere, nainyamula, naigunditsa kukhutu. Anakhala choncho nthawi yaitali, ine ndikuwerama ndi kuweramuka, magalimoto akutidutsa. Nyimbo ina inatha, ina inayamba. Ndinaluma mlomo kuti ndisawafulumize.

"Uwauze apongozi ayendetse bwino," anatero pomaliza. "Na iwe unkhale kuno."

Tinakhala pachitsulo chopanda matiresi, ine nditawakumbatira, iwo sipika ili kukhutu. Injini inayamba yabuula kaye isanalire, ndipo mtima wanga unabuula nayo. Njira yonse yotsalayo ndinkanunkhiza mpweya ngati galu. Titakhota kulowa msewu wa ku boma ndinayamba kupemphera kuti tisapeze atatseka kulembetsa.

Tinapeza mzere utafupika, namwino akusonkhanitsa mabenchi. Anayang'ana dzanja la amayi, nayang'ana nkhope zathu zamwaye, natilowetsa osafunsa zambiri. Anayamba amanga chikhathocho. Dokotala atawaunika anati diso lamanzere linali ndi nthenda inanso ndipo linachedwa, koma lamanja atha kulichotsa ng'ala. Anawachita opaleshoni m'mawa mwake, ndipo ndinakhala pakhonde ndikupotokola nsonga ya chitenje mpaka inang'ambika.

Tsiku lomasula bandeji ndinagwada kutsogolo kwa bedi lawo. Namwino anachotsa thonje pang'onopang'ono. Diso linali lofiira, likutuluka misozi, likuphethiraphethira. Amayi anayang'ana denga, anayang'ana dzanja lawo lomangidwa, kenaka diso lija linaima pa ine. Sanamwetulire. Anatambasula dzanja lamanzere, nakankhira duku langa kumbuyo, nandigwira tsitsi la pamwamba pa khutu.

"Mwana wangu," anatero, "izi imvi zinayamba liti?"

Ndinangogoneka mutu pamiyendo pawo, iwo n'kumapatula tsitsi langa ndi zala, akuziyang'ana imodzi imodzi.