Kawaya ndi Mlonda wa M'bokosi

Inu amene mukuona ngati dzina lanu linaonongeka kale, imvani za munthu uyu.

Tsiku limene mota ya pafakitale ya matabwa inapsa, fungo lake linafika mpaka kumsewu. Mwini fakitale sanakalipe. Anangotsegula bokosi la magetsi n'kuloza kawaya kofiira kamene kanali pamalo pa fyuzi.

"Waika aka ndani?"

"Ndine, bwana," anayankha wa magetsi wa pafakitalepo. "Fyuzi imangopsa, ndiye ntchito imaima."

"Tsopano yaimiratu. Tenga zako uzipita."

Zake zinali pulayazi ndi tesita basi. Anaziika m'jumbo n'kutuluka pageti, anzake akuyang'ana kumbali. Kuyambira tsiku limenelo anthu anamutcha Kawaya, ndipo dzinalo linkafika kulikonse iye asanafike.

Sikuti anali waulesi kapena woipa mtima. Anaphunzira choncho. Bambo ake atamwalira anasiya sukulu, n'kutengedwa ndi amalume ake amene ankakonza magetsi m'misika ndi m'nyumba za anthu. Amalumewo anali ndi lamulo limodzi: magetsi akakana njira, apatse ina. Fyuzi ikapsa, ankamangapo waya. Buleka, kachipangizo kamene kamadula magetsi kokha pakakhala vuto, ikamagwa pafupipafupi, ankailambalala. Babu linkayaka, kasitomala ankasekerera, nkhani inkathera pomwepo.

Atachotsedwa ntchito, palibe amene anamulolanso kukhudza ngakhale soketi. Anayamba kugulitsa mabatire ndi zingwe zotchajira mafoni m'mphepete mwa msewu. Mlamu wake akamadutsa ankaima dala.

"Alamu, kunyumba kwanga kukuzizira. Tabwerani mudzandiotchereko."

Kawaya ankaseka nawo, koma akafika kunyumba chakudya sichinkatsika. Mkazi wake anamuyang'ana kwa miyezi ingapo. Kenako tsiku lina akuchapa anati, "Bambo a mwana, manja muli nawo. Chimene amalume sanakupatseni mukachifune kwina."

Analembetsa maphunziro a madzulo pasukulu ya ntchito zamanja. Anali wamkulu kuposa onse m'kalasimo. Ankafika atatopa, fumbi lili m'mapazi, ndipo masamu ankamuzunguza mutu. Koma pa mawaya ankadziona ngati katswiri, moti ankayembekezera mayeso a manja ngati munthu woyembekezera mlendo wake.

Tsiku la mayesowo anamupatsa bokosi limene buleka yake inkagwa mota ikangoyamba. Anamuuza kuti apeze vuto. Anzake ali kalikiliki ndi mita zoyezera, iye anatulutsa kawaya m'thumba, n'kulumikiza uku ndi uku. Mota inazungulira. Anaima pambali atapinda manja.

Mphunzitsi wawo, mayi wa magalasi wosakonda zolankhulalankhula, anabwera n'kuzimitsa.

"Mwalephera."

"Koma yazungulira, aphunzitsi."

"Yazungulira, inde. Mlonda wakuuzani kuti kwabwera wakuba. Inu mwamumanga pakamwa n'kukagona. Mawa muziti usiku kunali bata."

Apa m'pamene anamvetsa zimene zinachitika kufakitale ya matabwa. Fyuzi ija sinkavuta. Inkanena kuti mota ikudwala.

Anabwereza chaka. Ena amene analephera naye anasiya, ndipo amalume ake anati sukulu ikungomuphunzitsa mantha. Iye anapitiriza. Anaphunzira kuyeza asanakhudze. Anaphunzira kuwerenga mapulani a mawaya, ndipo kenako anafika pa makina odziyendetsa okha: kakompyuta kakang'ono ka m'bokosi kamene kamalamula mota, ndi masensa amene amakauza kutentha, kuthamanga ndi kuchuluka kwa madzi. Zinkalowa pang'onopang'ono, koma zikalowa sizinkatuluka.

Atakhoza, anapeza malo pasiteshoni yopopa madzi opita m'tauni ndi kumafakitale. Injiniya wa pamalopo, mayi wamng'ono kwa iye m'zaka, sanabise mawu.

"Za kumatabwa ndinamva. Ndikutengani mongokuyesani. Mukandiotchera pampu, sindidzakulemberani ngakhale kalata."

Kawaya anadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso.

M'mawa wina m'nyengo yotentha, injiniyayo ali kusiteshoni ina kumene foni sigwira, pampu yaikulu inaima yokha. Kagalasi ka pabokosi kanalemba kuti madzi achepa polowera. Kapitawo wa pasiteshonipo anasuzumira pawindo. Mtsinje unali wodzaza.

"Chikunama ichi. Madzi ndi awo. Iyatseni."

Kawaya anayatsa. Pampu inalira pang'ono n'kuimanso.

Pamene dzuwa linkakwera, pageti panadzaza anthu ndi ndowa. Madalaivala a kumafakitale anaimika magalimoto a mathanki n'kumaliza mahutala. Kapitawo ankangolowa ndi kutuluka, thukuta lili kamukamu.

"Madam akafika n'kupeza madzi palibe, ndiwauza kuti munthu wawo walephera. Ine sindifera za eni."

Pakati pa anthu a pageti panali amalume aja, okalamba tsopano, chigubu chili m'manja. Anachonderera mlonda wa pageti mpaka anawalola kulowa. Anayang'ana m'bokosi mwachidwi, ngati munthu woona galimoto yatsopano ya mnzake, kenako anakokera Kawaya pambali.

"Mphwanga, zonsezi n'zokongoletsa chabe. Kanthu kakukuvutitsako kali ndi mawaya awiri basi. Akumanitse, madzi atuluke, anthuwa akuombere m'manja."

Anapisa m'thumba la jekete n'kumupatsa kawaya, kosendasenda kale mbali zonse.

Kawaya anadziwa kuti amalume akunena zoona. Akanalumikiza, kakompyuta kakanakhulupirira kuti madzi alipo, ndipo pampu ikanazungulira. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo kuposa ina iliyonse. Anakayang'ana kawayako, kenako anakaika m'thumba.

"Amalume, khalani pamthunzi apo. Ndiyambe ndamufunsa mlondayu chimene waona."

"Mlonda uti? Wapagetiyu?"

Kawaya anatenga mita n'kuyeza sensa ya madzi. Inali bwinobwino. Anatsatira mawaya ake mpaka panja, osapeza poduka. Ndiye kuti sensayo sinkanama. Anatseka magetsi a pampu ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba, n'kutenga makwerero kupita kuchitsime chimene paipi yaikulu imakokamo madzi.

Atatsegula chivundikiro anapeza madzi ali pansi penipeni. Sefa yachitsulo imene imatchinga zinyalala zochokera mumtsinje inali itamatidwa ndi majumbo, masaka ndi matope. Kunja mtsinje unali wodzaza, koma mkati munkangolowa kamadzi kochucha. Pampu ikanazungulira yopanda madzi, ikanatentha n'kupsa, ndipo ina yoti ilowe m'malo mwake panalibe.

Kuchotsa zinyalalazo inali ntchito yauve ndi yochedwa. Kawaya analowa ndi antchito awiri kusefako, kumbali ya mtsinje, madzi akuda ali m'chiuno, n'kumazula ndi manja ndi ngowe. Anthu a pageti sankaona zimenezi. Ankangoona kuti madzi palibe.

"Wa magetsi pano si Kawaya uja? Ndiye tafa ndi ludzu."

"Analemba wogulitsa mabatire kuti atipopere madzi."

Anamva zonse, n'kupitiriza kuzula.

Dzuwa litapendeka, chitsime chinadzaza. Anatsegula loko n'kuyatsa. Pampu inazungulira osaimanso. Palibe amene anamuombera m'manja. Anthu anatunga n'kumapita akung'ung'udza za tsiku lawo lotayika.

Injiniya anafika madzi akuyenda kale. Kapitawo anamuchingamira ndi madandaulo, iye anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapita kukaona mulu wa zinyalala, n'kubwerera kubokosi. Anayang'anitsitsa mawaya awiri a sensa aja, n'kuwagwedeza ndi chala.

"Simunakhudze apa?"

"Ayi, madam."

"Sizinakubwerereni m'mutu?"

Kawaya anapisa m'thumba la ovololo yonyowa n'kutulutsa kawaya kaja.

"Zinafika mpaka m'thumba."

Injiniya anakayang'ana, n'kumuyang'ananso iye. Anamasula kiyi wa chipinda cha magetsi pa mpukutu wake n'kumupatsa.

"Mawa mubwere ndi chithunzi, tikupangireni chiphaso cha ntchito."

Amalume anali adakali pamthunzi paja, chigubu chodzaza chili pambali. Anayenda limodzi mpaka pamphambano, Kawaya atawanyamulira chigubucho. Posiyana, mkuluyo anakanda kumutu.

"Masiku athu pampu ija ikanazungulira m'mawa womwe uja."

"Ikanazunguliradi, amalume."

"Eya." Analandira chigubu chake. "Bokosi la kunyumba kwanga lija likumatentha masiku ano. Ukapeza mpata udzabwere ndi kamita kakoko."

Lero Kawaya amayenda ndi gulu limene limamanga mabokosi oyendetsa makina m'mafakitale ndi m'masiteshoni atsopano a magetsi. Dzina lija silinachoke, ndipo iye sanalimbane nalo. Mlamu wake amamutchulabe choncho, koma tsopano amatero akamamupempha kuti adzaone mawaya a nyumba imene akumanga.

Mwina nanunso munaphunzitsidwa njira yokhota ndi anthu amene ankakukondani, ndipo inakugwetsani pamaso pa anthu. Chimene manja anazolowera chikhoza kuphunziridwanso, ngakhale muli wamkulu kuposa onse m'kalasi. Chinthu chikakuimitsani, musathamangire kuchitseka pakamwa. Yambani mwafunsa chimene chaona. Anthu a pageti adzalankhula, ndipo mwina sadzathokoza. Inu pitirizani kuzula zinyalalazo, osataya mtima, mpaka madzi ayende.