Njovu za Dongo

Njovu inapha mkazi wanga kudimba, m'mawa, mwana wathu wamkazi akuona. Anali ndi zaka sikisi. Kuyambira tsikulo sanalankhulenso.

Zinali m'zaka za m'ma 1990. Ine ndinali sikauti ku Kakumbi, ntchito yanga kuteteza nyama. Maliro atatha ndinabwerera kuntchito.

Kukiliniki mwanayo anamuyang'ana m'kamwa ndi m'makutu, nati alibe matenda. Kutchalitchi anamupempherera. Palibe chinasintha.

Ndiye mphunzitsi wina, mnzake wa malemuyo, anayamba kumubweretsera dongo la kumtsinje. Ankakhala naye pansi pa mango osamufunsa kanthu. Mwanayo ankaumba. Njovu zokhazokha, zazikulu, zazing'ono, ina yopanda minyanga. Ankaziyanika kuseri kwa nkhokwe.

Apongozi anga sanakondwe. "Chilombo chinapha mayi ake, inu mukuchiweta pakhomo? Mukuitana china."

Ndinauza mphunzitsiyo kuti aleke.

"A sikauti, mwanayu akulankhula," anatero. "Inuyo ndi amene simukumva."

"Kulankhula kwake matope?"

"Dzulo waumba kamunthu, n'kukaika patali ndi njovu. Lero wakasendeza pafupi. Mulekeni afike kumene akupita."

"Amayi, kaphunzitseni ana a eni kusukulu. Uyu ndi wanga."

Loweruka, mwana ali kuchitsime ndi azakhali ake, ndinalongedza zoumba zake zonse mu dengu n'kupita kumtsinje. Ndinkati akapanda kuziona adzaiwala. Kunena zoona, wofuna kuiwala ndinali ine. Ndili m'mphepete mwa madzi ndinakaona kamunthu kaja. Anali atakaveka tsamba ngati chitenje, kumsana kuli kamwana. Ndinatayabe.

Atabwera analunjika kuseri kwa nkhokwe. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Sanalire. Anandiyang'ana kamodzi n'kukakhala pakhonde.

Mphunzitsi anabweretsanso dongo kawiri, katatu. Linaumira m'mbale. Kenaka ndinakakumba ndekha, ndinakhala pansi ndi zala zangazi kuyesa kuumba njovu. Inatuluka ngati nkhumba. Ndinamuikira pamwendo. Anaimirira, inagwa, iye n'kulowa m'nyumba.

Chaka chotsatira mphunzitsi uja anasamutsidwira kwina.

Mwana anakula. Amalima, amaphika, amamva zonse zimene ndimamuuza. Pakhomo tatsala awiri. Nthawi zina ndimayesa kukumbukira kuti liwu lake linkamveka bwanji. Silibwera.