Dzino Loyesera Mpunga la a Eveles

Alamu anga a Eveles sukulu anailekezera mu Sitandade 4, koma ku Lifuwu kuno mpunga sukwera galimoto iwo asanaulume. Ntchito yawo ndi imeneyo, zaka makumi awiri tsopano. Mlimi akabwera ndi matumba, iwo amapisa dzanja pansi penipeni, kutola njere imodzi, kuiika pa dzino la m'mbali chakumanja, n'kuluma. Ikalira kuti tswa, mpunga wauma. Ikangophwanyika mwakachetechete, mwini wake akayanikenso. Ogula ochokera ku Khombedza ngakhale ku Lilongwe amadikira mawu awo, ndipo alamu angawo amadziwa kuti akudikiridwa, moti amayenda pang'onopang'ono dala.

Chaka chatha chiseyeye chinawagwira. Akatsuka mkamwa, malovu ofiira. Nkhama zinatupa, mano n'kuyamba kugwedera. Mankhwala awo anali omwe mayi awo ankagwiritsa ntchito: fodya wopera, kumufinyira pakati pa mlomo ndi nkhama. Ululu unkathadi, ndiye ine ndikanena za chipatala ankandiyankha kuti ndikayambe ndachiza mwamuna wanga kulira mkonono.

Kenaka mu Juni analuma njere, dzino linapendekeka, iwo osamva bwino, n'kuvomereza mpunga wosauma. Matumba asanu ndi limodzi anachita chuku kwa mwini wake. Palibe anawanyoza, koma anthu anayamba kulumitsa mpunga kwa ena iwo ali pomwepo. Zinandiwawa ine kuposa mmene ndinkayembekezera. Mmawa wotsatira ndinawakweza minibasi ya ku boma, akulongolola njira yonse.

Dokotala wa mano anali a Limbani, munthu wofatsa ngati sanadye. Anatenga kachitsulo kokhala ndi timizere, n'kumakalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama, dzino lililonse, akutchula manambala, namwino akulemba. Anagwedeza mano onse limodzilimodzi. Anajambula ekisire, anayeza shuga, kenaka anafunsa za fodya.

"Sindisuta ine," anatero alamu anga.

"Sasuta, amadya," ndinatero ine. Diso limene anandiponyera ndikulikumbukabe.

A Limbani anatulutsa pepala lojambulidwa mano onse n'kuyamba kuwagawa. Ambiri anawachonga kuti akhala. Atatu anawadula mzere: fupa lowagwira linali litadyeka, achoka ndithu. Limodzi analizunguliza.

"Ili lili pakati, mayi. Fupa latsala lokwanira, shuga mulibe, zimenezo zili kumbali yanu. Koma mpata wa m'nkhamawu ndi wakuya, ndiye pali fodyayo. Mukapitiriza, mano otere ambiri sakhalitsa. Mukasiya, tikatsuka pansi pa nkhama, mwayi ulipo waukulu."

Lozunguliridwalo linali lomwe lija la mpunga. Ine ndinawayang'ana, poganiza kuti alira. Koma alamu anga anadzuka pampando maso akuwala.

"Adokotala, ndiye kuti mumadziwiratu lisanagwe?"

"Kulosera ayi. Ndimangoona zizindikiro."

"Ndi ntchito yangatu imeneyo. Inenso thumba sindilitsegula lonse. Mwapisa pansi, mwamva kulira kwake, mwagamula. Alamu, mwaona? Munthuyu ndi mnzanga."

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ife tsiku limenelo ng'oma tinaimva, ndipo a Eveles anakondwa ngati awauza za ukwati. Pepala lija analipempha. M'minibasi analionetsa kwa kondakitala, kwa shehe wina amene anakhala pafupi nawo, ndi kwa mayi wa nsomba amene sanafunse n'komwe.

Kusiya fodya ndiye kunali nkhondo. Miyezi iwiri pakhomo pawo ngakhale nkhuku zinkadutsa chapatali. Achimwene anga, amuna awo a Eveles, anayamba kukonda kumunda modabwitsa. Koma kabotolo ka fodya anakataya m'ngalande okha, mswachi kawiri pa tsiku, kuchipatala osaphonya. Atatu aja anachoka monga ananenera a Limbani, ndipo pa lililonse alamu anga ankabwera kudzandiuza monyadira kuti mnzawo sanaphonye. Sindinaonepo munthu wosangalala ndi magweru chotero. Chovuta chinali chakuti anawaletsa kuluma njere mpaka nkhama zitagwira, ndiye chaka chonse ankangoyang'ana ena akugwira ntchito yawo, milomo ikunyeng'ezeka.

Mu Meyi chaka chino kachitsulo kaja sikanalowenso kwambiri. A Limbani anagwedeza dzinolo kawiri, n'kunena kuti akhoza kuyesa, koma mwaulemu.

Woyamba kubweretsa mpunga anali a Jailosi a ku Chinguluwe, matumba khumi pa ngolo. Anthu anaunjikana, ena ongofuna kuona ngati zitheke. A Eveles anapisa dzanja, njere pa dzino. Ine ndinali ndi mantha, sindibisa. Analuma, anatolanso ina n'kuluma.

"Bambo, uwu ukufunika dzuwa la masiku awiri. Bwererani nawo."

Wogula wina wokayika anatola njere, kuluma, n'kugwedeza mutu kuti n'zoona. Misozi inali ikutsika m'masaya mwa alamu anga. A Jailosi, amene mpunga wawo unali utangokanidwa kumene, ndiwo anayamba kuwomba m'manja.