Namzeze wa Chitupa

Kope langa loyamba linali theka la kope. Aphunzitsi ankadula makope pakati ndi mpeni kuti atikwanire tonse, ndipo ine ndinasiya masamba akumbuyo osalembamo masamu. Mmenemo ndinkalembamo za mbalame. Ndinali mtsikana wamanyazi kwambiri. Munthu wamkulu akandifunsa kanthu ndinkangojambula pansi ndi chala chakuphazi, koma pensulo sinkandichititsa manyazi.

Kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Chitakale, kunali dambo la bango kumene tinkatunga madzi. Mbali ina inali minda ya tiyi, mbali ina msewu wa ku Boma ndi mawaya ake a lamya. Anamzeze ena ankakhala nafe chaka chonse, n'kumaumba zisa zadothi pansi pa mlatho. Koma kunali mtundu wina wofiira pakhosi, woyera pamimba, umene unkabwera dzuwa likafika poswa mtengo, mu Okutobala. Amenewa sankaumba zisa. Masana ankandanda pawaya ngati mikanda, madzulo n'kukagona m'bango. Chimanga chikayamba kuuma, ankasowa onse.

Amayi ankati amakabisala kumapanga a m'phiri la Mulanje kuthawa chisanu. Abambo, amene ankathyola tiyi ku esiteti, ankati amapita kwawo kutsidya kwa Ruo, kudziko la Apwitikizi kumene iwo anabadwira. Ine ndinkangolemba. Kope lija ndikali nalo, ndipo pena pali mawu awa: "Lero afika atatu. Akuoneka otopa." Patsamba lotsatira: "Waya wadzaza kuchokera pamtengo wa pamlatho mpaka wachiwiri. Ndalephera kuwerenga."

Chaka chimenecho mvula yoyamba inagwa Loweruka masana. Itangokata, ngumbi zinatuluka pachulu cha kudambo, ndipo anamzeze anazungulira pamwamba pake mpaka kumwamba kunachita bii. Ndinaima ndi mtsuko wanga osatunga, ndikuseka ndekha, mbalame zikundidutsa pafupi ndi makutu.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, nawonso anaziona, koma iwo anaona ndiwo. Anali katswiri wa ulimbo. Ankautafuna kaye kuti ufewe, n'kuukulunga patimitengo, n'kukatchera pabango pamene mbalame zimatera. Dzuwa litapendeka anafika pakhomo pathu ndi kadengu, nakhala pansi n'kuyamba kusosola. Kenaka anaima.

"Achemwali, tabwerani muone. Iyi yavala."

Amayi anabwera akupukuta manja. M'dzanja la atsibweni munali namzeze wamoyo, mapiko ake atamatana ndi ulimbo. Pakamwendo kake panali kamphete kachitsulo, kopepuka, kolembedwa tizilembo.

"Tayani, achimwene. Imeneyo ili ndi mwiniwake," anatero amayi.

"Nditaye? Ndingothyola kamwendoka, mpheteyi ndikapatse alamu anu aike m'mikanda." Anayang'anitsitsa zilembo zija, kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe wa kusukulu, tawerenga. Kapena nako amangokuphunzitsani kujambula pansi?"

Anandipatsa mbalame ija. Inali yotentha, mtima wake ukugunda m'zala zanga mofulumira kuposa wanga. Ndinadziwa kuti ndikamaliza kuwerenga aitenganso. Choncho ndinawerenga pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, uku ndikuzunguza kamphete ndi chikhadabo. Panali mawu achizungu amene sindinawamve tanthauzo, ndiponso manambala. Nditafika kumapeto ndinayambiranso.

Ndili pakati pobwereza, abambo anatulukira kuchokera kuntchito, chiguduli chonyowa chili kumutu. Anamvetsera, nawerama kuti aone.

"Alamu, mwagwira mbalame ya m'kaundula," anatero. "Ichi ndi chitupa. Ine ndinawoloka Ruo manja lendelende, mnzangayu wabwera ndi chitupa chake pamwendo. Mlendo weniweni ndani pamenepa?"

"Chitupa sichiletsa munthu kupsa pamoto," anayankha atsibweni.

"Idyani. Koma tsiku lomwe Bwana DC adzawerenge mbalame zawo n'kupeza kuti yaperewera imodzi, amesinjala adzayambira kwa amene milomo yawo ili ndi ulimbo."

Atsibweni anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, amayi n'kuphulika chiseko. Komabe dzanja linalo linali litatambasulidwa kale kwa ine. Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, mbalame ili pachifuwa, ndipo ndinati, "Atsibweni, mundipatse ine. Ndikupempha."

Ndikhulupirira kuti atsibweni anali asanamvepo mawu anga akutuluka ochuluka chotero.

"Kodi amalankhula mwanayu?" anatero atsibweni, pofunsa amayi. Atatero anabweza dzanja. "Tenga. Ndi kale lomwe, kakanangondikola m'mano."

Kuchotsa ulimbo panthenga si ntchito yothamangira. Amayi, uku akung'ung'udza kuti mafuta awo odzola akuthera mbalame, anandidonthezera mafuta a nsatsi pachikhatho. Ndinapaka nthenga imodziimodzi, kuyambira kutsinde kutsikira kunsonga, mpaka ulimbo unayamba kuterera. Kenaka phulusa losefa kuti limwe mafuta, kenaka kansanza konyowetsa m'madzi ofunda. Nthenga ziwiri za kumchira zinathothoka ndipo ndinalira pang'ono. Abambo anandigwirira kamwendo pamene ndinkakopera zilembo zonse m'kope. Mbalameyo inakana ngumbi imene ndinaipatsa. Tinaiika m'dengu n'kuvundikira ndi lichero.

M'mawa, tisanapite kutchalitchi, ndinapita nalo dengu kumsewu. Phiri linali litasambitsidwa ndi mvula, mathanthwe ake akunyezimira. Anamzeze anzake anali kale pawaya, akudzikonza nthenga n'kumalongolola. Atsibweni ananditsatira, ati akukaona ulimbo wawo, koma anaima pambali panga.

Ndinatsegula manja. Inangokhala, zikhadabo zake zitakanirira chala changa. Ndinaopa kuti mafuta aja ailemetsa. Inadzigwedeza kamodzi, kaphulusa n'kufuka, kenaka inagwa chakutsogolo ngati ikukagwera m'matope, koma isanafike pansi mapiko anagwira mphepo. Inazungulira pamwamba pa tiyi, mchira wake wopereweza ukuoneka bwinobwino, n'kukatera pawaya pakati pa anzake.

"Ukapereke moni kwa DC," anatero atsibweni.

Lolemba ndinadikira kuti anzanga atuluke, n'kuika kope patebulo pa aphunzitsi. Anawerenga, nandiuza kuti mbalame zimenezi zimachokera ku Ulaya, kuthawa chisanu cha kumeneko, ndipo kuli anthu amene amaziveka mphete kuti adziwe kumene zimafika. Anandionetsa pamapu: chipululu, nyanja, ndi dziko lina kuseri kwake. Ndinayeza ndi zala mtunda wonsewo, n'kukumbukira kupepuka kwake m'dzanja langa.

Nditawafotokozera abambo, anapukusa mutu. "Ndiye kuti ife sitinayende," anatero. Amayi sanasinthe maganizo, anati mapanga a m'phiri ndiwo ali pafupi.

Mpaka nthenga zake zitameranso, ndinkaizindikira pawaya chifukwa cha mchira uja. Masamba asanu ndi limodzi otsatira a kope langa ali ndi mawu amodzimodzi, tsiku ndi tsiku: "Alipo."